Ulendo Wokamuona Rita

Foni inalira ndikusita yunifolomu. Nditanyamula ndinamva mawu a mkazi wachizungu, mawu osasa pang'ono, a munthu wozolowera kulankhula ndi amuna. Anafunsa ngati Leonard alipo. Leonard ndi amuna anga, bambo a Chifundo, ndipo ine amene ndinawaberekera mwana sindinawatchulepo dzina limenelo pamaso pawo. Ndinati kulibe. "Mumuuze kuti Rita anaimba," anatero mkaziyo m'Chingerezi. "Chimene akufuna chija ndachipeza. Abwere Loweruka." Anadula foni osafunsa n'komwe kuti ine ndine yani. Nditabwerera patebulo ndinapeza simbi itawotcha kolala ya yunifolomu.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Toronto, m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo, pafupi ndi chipatala chimene ndinkagwirako unesi. Zinali zaka za m'ma 1970, petulo atangokwera mtengo mochititsa mantha. Amuna anga anali kalaliki mu ofesi ina m'tauni. Mwana wathu Chifundo tinamusiya kwa mayi anga ku Ntcheu ali ndi zaka zitatu, tikumati ndi za chaka chimodzi basi, ndipo apa n'kuti akukwanitsa zisanu ndi ziwiri. Chaka chimenecho mwayi unapezeka. Mayi wina wa kumpingo kwathu anapita kumudzi ndipo anavomera kudzabwera naye mwanayo mu Disembala, bola tikiti tilipire Novembala asanathe. Ndalama tinali titasunga ku banki, zambiri zochokera m'mashifiti anga owonjezera, koma za ku banki ankayendetsa ndi bambo, monga zinalili m'mabanja ambiri. Ndikati tiyeni tikalipire tikiti, yankho linali limodzi: "Tidikire pang'ono, make Chifundo, galimoto ikuvuta."

Galimotoyo anaigula kwa mkulu wina wopuma pantchito ku Markham, komwe masiku amenewo kunali minda ndi ng'ombe. Chinali chigalimoto cha ku Amereka, chakuda, cha mabwana, mipando yachikopa, mawindo otsika ndi batani. Pa boneti pake mukanayanikapo mphale ya banja lonse. Eni dziko ankazitaya galimoto zoterezi chifukwa cha petulo, koma bambo a kwathu ataona mtengo wotsika anaganiza kuti Mulungu wawakumbukira. "Kumudzi zimenezi amakwera ndi nduna zokha," ankatero akuipukuta Lamlungu m'mawa. Ukwati wa Mmalawi kapena Mzambiya aliyense, mkwatibwi ankakwera yathuyi, petulo n'kumathira ife. Kenaka inayamba kudwala. Mwezi uno batire, mwezi wamawa mabuleki, kenaka ekizozi yagwa pamsewu, kenaka china chimene dzina lake sindinkalimva n'komwe. Pamapeto pake anati amakaniko a mu Toronto ndi akuba, apeza malo otchipa kufupi ndi Windsor, kumalire ndi Amereka, komwe zipangizo zimangowoloka mtsinje. Ankanyamuka Loweruka m'mamawa n'kubwera Lamlungu, atatopa, maso akuthawa anga.

Ine sindine mwana. Galimoto yanji yodya malipiro a anthu awiri? Nanga makaniko wanji wotchedwa Rita?

Uthengawo ndinaupereka bwinobwino tikudya, ndikuwayang'ana kumaso. Nkhope yawo inawala. "Wachipeza? Aa, koma Rita ndi munthu!" Ine ndinangowaonjezera ndiwo.

Kukanakhala kumudzi ndikanapita kwa amalume. Kuno amalume kunalibe, choncho titangofika anthu a kumpingo anatipatsa ankhoswe ogwirizira. Wa kuchimuna anali atabwerera kwawo ku Chipata. Wa ine anali a Kamwendo, bambo wachikulire wa ku Mulanje amene ankayeza magazi pa chipatala china ku Hamilton, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amachita kugula. Ndinawaimbira ndili kuntchito.

"Nabanda, nkhani ya banja siikambidwa ndi nkhoswe mmodzi," anatero. "Komanso nkhoswe si wapolisi. Amadikira kuti mubwere mudzadandaule."

"Ndiye ndikudandaulatu, bambo. Mukadikira kuti ndibwere ndi umboni, mwana wanga atsala. Ndikufuna mukaone ndi maso anu, asadzati Nabanda wapenga ndi nsanje."

Pamapeto pake anati akhoza kupempha kuti tiwatenge pa ulendo wa Lowerukawo, anene kuti akukaona wodwala ku Windsor. Anaonjeza kuti bodza limeneli Mulungu alilembe pa dzina langa, osati lawo.

Loweruka ndinasinthana shifiti ndi mnzanga. Bambo akuvala jekete, ine ndinatulukira nditavala kale, m'manja muli basiketi ya mazira owiritsa, buledi ndi fulasiki ya tiyi.

"Mukupita kuti?"

"Kokaona makaniko. Nanenso ndikamuthokoze."

"Make Chifundo, kumene kuja ndi kwa zitsulo zokhazokha, kulibe ndi pokhala pomwe."

"Ndikaimirira. Komanso tidzere ku Hamilton, a Kamwendo akuti tikawapike."

Atamva dzina la ankhoswe anaima, dzanja limodzi lili m'jekete, linalo panja. Anangotenga makiyi.

Tisanatuluke m'tauni tinaima pothira petulo. Wothirayo anagwira paipi mpaka kusintha dzanja, ndipo ndalama imene bambo anatulutsa inali yokwana ndiwo za sabata yonse. Anagulanso zitini za oyilo wofiira n'kutsegula buti kuti aikemo. Ndinatsika msanga ngati ndikuwongola miyendo. Ndinkayembekeza kuona kaphukusi kokulunga bwino, mwina nsapato zazitali kapena mafuta onunkhira. Munali chigubu cha madzi, chingwe, masipanala ndi bulangete lathu la mizeremizere limene ndinalifunafuna mwezi wathunthu.

"Bulangeteli likutani muno?"

"Ndimafunda. Ndikapita uko ndimagona m'galimoto."

"Ooh. Rita alibe mabulangete?"

Anatseka buti mwamphamvu. Mpaka ku Hamilton tinkangomvera wailesi, chinthu chokhacho m'galimotomo chimene sichinafunepo makaniko.

A Kamwendo tinawapeza ataima kale pakhomo, suti yakuda, chipewa, Baibulo m'khwapa, utsi wa mafakitale a zitsulo uli tolo kumbuyo kwawo. Atakhala kumbuyo anamira mumpando, mawondo n'kufika pachifuwa.

"Koma a Phiri, iyi ndi galimoto kapena pabalaza?"

Tsiku lina bambo akanasekerera n'kuyamba kuonetsa mabatani onse. Tsikuli anangofunsa kuti, "Akudwala ndani ku Windsor, bambo?"

"Ndi... a Mbewe. Mwendo."

"Sindikuwadziwa. Ndimayesa Amalawi a ku Windsor ndimawadziwa onse awiri."

"Ndi a ku Zambia," anatero a Kamwendo, natsegula Baibulo.

Potuluka mu Hamilton pali chitunda chachitali. Tili pakati pake injini inayamba kulira mokweza koma galimoto osathamanga, ngati munthu wopalasa njinga tcheni chitagwa. Kenaka china chinagunda pansi pa mapazi athu, galimoto n'kudumpha. Bambo anaima pambali, nathira chitini chimodzi cha oyilo wofiira uja, tinadikira kuti izizire. Anati vuto ndi giya, ndiyo imene Rita wapeza. Ine mumtima ndinati munthu akhoza kuiliritsa dala galimoto ndi phazi, nanga ine ndimadziwa kuyendetsa? Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'anitsitsa phazi lawo.

Titanyamukanso a Kamwendo anaponya kamwala. "Paja mwana uja akufika mu Disembala, eti? Zonse zili m'malo?"

"Tikukonza, bambo," anatero amuna anga, dzanja likupita kale pa wailesi kukakweza mawu. Ndinacheuka. A Kamwendo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kubwerera m'Baibulo.

Titadutsa Brantford tinalowa mumsewu waukulu wopita kumadzulo, minda ya chimanga chouma mbali zonse. M'galimoto munkanunkha oyilo wopserera, ine mseru unayamba. Ndinadina batani, windo la mbali yanga linatsika bwinobwino mpaka pansi. Nditadinanso kuti likwere, linangolira pang'ono n'kukhala chete.

"Mwatsitsa? Limenelo sititsitsa!"

"Ndiye analiikiranji batani?"

"Mota yake ndi yofooka, imatsitsa koma siikweza. Ndimati ndiikonze ndikathana ndi giya."

Unali mwezi wa Novembala. Mphepo imene inalowa pamenepo inali yoluma makutu, ndipo chipewa cha a Kamwendo chinauluka n'kukakakamira pa windo la kumbuyo. Tinaima pafupi ndi Woodstock. Ndinavundukula chitenje chimene ndinafunda m'miyendo, tinachipana ndi chitseko, bambo n'kuchimata ndi tepi. Tinapitirira choncho, galimoto ya nduna ili ndi chitenje cha maluwa achikasu chikupupiza pawindo, ana a m'galimoto zina akutiloza. Sitinapite patali, wapolisi anatiimitsa. Anazungulira galimoto yonse, anagwira chitenjecho ndi zala ziwiri, nasuzumira kumbuyo n'kupeza mkulu wa suti akumupatsa moni ndi Baibulo pamiyendo. Anatichenjeza kuti tikakonzetse lero lomwe, n'kutisiya. Atachoka, bambo anapuma mpweya wautali ndipo thukuta linali kamukamu pamphumi, kunja kukuzizira chotero. A Kamwendo ankaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ine sindinaseke. Ndinaona ndithu kuti galimotoyo ndi yodwala, koma ndinati galimoto kudwala sikuletsa mwini wake kukhala ndi chibwenzi.

Tikuyandikira London, wa kunoyu osati wa ku Mangalande, nthunzi inafuka pa boneti, kutsogolo osaonekanso. Tinakwawa mpaka pa kagalaji kena kunja kwa tauni. Makaniko wake, bambo wonenepa wa ndevu zofiira, anasuzumira n'kunena kuti paipi ya madzi yaphulika, ndipo ya galimoto yaikulu chonchi alibe, aitanitsa m'tauni. Anatchula mtengo. Ndinaona bambo a Chifundo akutsegula chikwama, akuyang'anamo, akutseka, akutsegulanso, kenaka akupempha munthuyo kuti achotseko pang'ono. Amuna anga, amene pa ukwati ankafupa ndi ndalama zamapepala anzawo akuponya zachitsulo, akunenerera pa galaji! Atatero anamukokera makanikoyo pambali n'kutsitsa mawu, koma ine makutu anga ndi a nesi, amamva wodwala akubuula kumapeto kwa wodi. Ankafunsa ngati akudziwa munthu amene angagule galimotoyo. Makanikoyo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinati eya, akufuna aigulitse mwakachetechete, ndalama akayambire moyo watsopano kwa Rita.

Tinadikira. M'galajimo munali benchi limodzi, kalendala ya chaka chatha ndi galu wokalamba amene anadya theka la mazira athu. Anthu ankabwera ndi tigalimoto tawo tating'ono, kuthira petulo pang'ono n'kumapita, aliyense osalephera kuima kaye kuti aone chathucho chili kukamwa yasa. Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka paipi isanabwere. Kenaka bambo anadzuka, nafufuza makobili m'thumba, n'kupita pa foni ya m'kabokosi kagalasi panja.

"Bambo, tapitani mukamve," ndinanong'oneza a Kamwendo.

"Ine? Ndi imvi zangazi ndikaime kuseri kwa bokosi?"

"Akumuchenjezatu ameneyo. Tikakafika tikapeza atabisa zonse."

A Kamwendo anapukusa mutu koma anadzuka, nayenda chozungulira ngati akuona matayala ogulitsa. Ine ndinkawaona bambo m'galasimo akulankhula ndi manja, akuwerama, akudzigwira pachifuwa. Munthu sadzigwira pachifuwa polankhula za giya. A Kamwendo atabwerako anakhala pansi n'kuyamba kusenda dzira.

"Ndiye?"

"Akuti awadikire, asatseke geti. Ndamva 'please' kambirimbiri."

"Basi?"

"Ndi zomwe ndamva. Koma Nabanda, ine amuna a zibwenzi ndawaonapo ambiri. Amasalala, amagula malaya atsopano. Awa taonani kolala yawo."

Ndinaiona. Inali yothetheka, ndipo khosi linkasewera m'kati mwake. Ndinadabwa kuti ndakhala ndikusita malaya amenewo osaona. Koma ndinayankha kuti akazi ena amadya mwamuna mpaka kumuondetsa.

Bambo atabwera anaima patsogolo pa a Kamwendo. "Bambo, kwa a Mwale odwala aja n'chakuti, kuti ndidziwiretu pokakutsitsani?"

"Ndi pafupi ndi... ndi tchalitchi."

"M'mawa munati a Mbewe."

A Kamwendo anayang'ana dzira lawo.

"Chabwino," anatero bambo. "Ndamva. Tiyeni tonse tikafike."

Paipi itaikidwa tinanyamuka, onse atatu tikudziwa tsopano chimene tikuyendera, koma wochitchula panalibe. Msewu wa kumeneko ndi wowongoka, dziko lathyathyathya, lopanda ndi chulu chomwe. Bambo ankayendetsa pang'onopang'ono, malole akutipitirira ndi mahutala. Titangodutsa Chatham injini inaliranso kulira kwa pachitunda kuja, koma ulendo uno panalibe chogunda. Galimoto inangoyenderera yokha, liwiro likutha, mpaka inaima m'mbali mwa munda. Anathira zitini zonse zotsala. Oyiloyo tinamuona akutulukira pansi n'kuyenderera m'miyala, wofiira ngati pophera mbuzi. Atayesanso kuliza ndinayang'ana phazi lija. Linali litaponda mpaka pansi.

Anayenda wapansi kukapempha foni pa nyumba ya mlimi, ife tinatsala tikumwa tiyi wozizira. Ndinawauza a Kamwendo kuti bedi la Chifundo ndinali nditaliona kale m'sitolo ya zakale, ndi sukulu yomwe ndinali nditakafunsa. Iwo anangoti tipemphere kuti kumene tikupitako tikapeze nkhani yoti nkhoswe angaithe. Sindinawafunse chimene ankatanthauza, poti n'kuti bambo akubwerera.

Lole yokoka itafika, dalaivala anafuna ndalama zake tisanakwere. Chikwama cha bambo chinali chitauma. Anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kumbali, a Kamwendo n'kutsegula Baibulo cha ku Masalimo, kutulutsamo ndalama n'kulipira. Tinapanikizana kutsogolo kwa loleyo pamodzi ndi dalaivala, ine pakati, basiketi pamiyendo. Dalaivalayo anatiuza kuti zigalimoto zoterezi ndi zimene zikumudyetsa chaka chino, ndipo kwa Rita amafikako pafupipafupi. Ndinamufunsa kuti Ritayo ndi wotani. Anati ndi mkazi wovuta kumuiwala. Chigalimoto chinkatitsatira kumbuyo mphuno ili m'mwamba, chitenje changa chikupupizabe.

Ndinali nditakonzekera nyumba ya makatani, maluwa pakhonde ndi mkazi wa tsitsi lagolide. Mawu omuuza ndinali nditawaloweza m'Chingerezi kuyambira ku Toronto. Loleyo inakhota mumsewu wafumbi n'kulowa pa geti la malata. M'katimo munali galimoto zakufa zosanjikizana, udzu utamera m'mawindo. M'kashedi munatuluka mayi wokalamba wamfupi, wa ovolosi yamafuta ndi jombo, ndudu pakamwa, tsitsi lili mbuu. Atangolankhula ndinawazindikira mawu aja.

"Leonard! Lero wachita kubwera nayo chokoka?" Kenaka anandiona ine. "Uyu ndiye mkazi wako? Mayi, mwamuna wanuyu muzimuuza azigona kunyumba. Ndatopa kumupeza m'mawa atauma ndi chisanu m'galimoto pa geti langa."

Ndisaname, chimene ndinamva choyamba chinali chimwemwe. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kumukumbatira mayiyo ndi mafuta ake omwewo. A Kamwendo anavula chipewa n'kumupatsa moni wa ulemu wonse. Rita anatitengera kuseri kwa shedi n'kutionetsa chitsulo chachikulu chili pa matabwa, akuti ndiyo giya ija, anaichotsa m'galimoto ina yangozi. Anati Leonard analipiriratu mwezi watha, chatsala ndi ndalama ya munthu wodzaimanga, ndipo ameneyo sabwera mpaka Lolemba. Atatchula ndalama imene inalipidwa kaleyo, chimwemwe chija chinandithera pomwepo. Ngati kulibe mkazi, ndiye kuti zonse zimene ankanena zinali zoona, batire, mabuleki, ekizozi, zonse. Nanga ngati zinali zoona, ankalipira ndi chiyani?

A Kamwendo anali ataiona nkhope yanga. Anapempha Rita kuti atipatse kanthawi, ndipo poti panalibe pena pokhala tinalowa m'galimoto momwemo, lole ija itaitsitsa pakati pa zinzake. Iwo anakhala kutsogolo chotembenuka, ife awiri kumbuyo, aliyense ku chitseko chake. Anapemphera mwachidule.

"A Phiri," anatero, "ine ndinabwera kudzaona mkazi, ndipo ndamuona. Mlandu umenewo watha, Nabanda apepesa pa nthawi yake. Funso langa ndi limodzi. Ndalama ya tikiti ya mwana ilipo?"

Bambo anayang'ana manja awo.

"A Phiri."

"Palibe."

"Yatsalako ingati?"

"Palibe, bambo. Yomaliza ndi imene ili pa matabwa apo."

Atayamba kulankhula sanaimenso. Anati poyamba anangotapako pang'ono ya mabuleki, kuti adzabwezere pa malipiro. Ataona kuti dzenje likukula anaganiza zoigulitsa, koma aliyense wobwera kudzaiona ankapeza chovuta china, ndiye iwo ankakonza chimenecho kuti igulike, ndalama ya mwana ibwerere ine ndisanadziwe. Chilichonse chimene ankakonza ankati ndi chomaliza. Nkhomaliro kuntchito analeka kudya kalekale. Kenaka anatembenukira kwa ine, maso ali psuu.

"Make Chifundo, yatsala pang'ono. Giya ikangolowa, imeneyi igulika. Mukanangondithandiza ya makaniko yokha pa malipiro anu a mwezi uno..."

Ndinawayang'ana. Sankanama, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa koposa. Ankakhulupiriradi. Akanakhala ndi chibwenzi ndikanadziwa chochita, a Kamwendo akanadziwa chonena, ndipo mwina ndalama ina ikanatsalako, chifukwa sindikhulupirira kuti pali mkazi amene akanadya chonchi. Ndinafunsa kuti mwa anthu onse amene abwera kudzaiona, watchula mtengo wabwino ndani. Anati palibe amene anafika potchula mtengo.

"Makiyi," ndinatero.

"Nabanda, mtima uli m'mwamba, taganizani kaye," anatero a Kamwendo.

"Ndakhala ndikuganiza kuchokera ku Toronto, bambo. Makiyi."

Anawatulutsa pang'onopang'ono. Ndinatsika, ndinakamupeza Rita akudyetsa amphaka, n'kumufunsa kuti atipatsa zingati pa galimoto yonse ndi giya yake yomwe. Anayang'ana kumene kunali bambo, nafunsa ngati Leonard wavomera. Ndinati Leonard watopa. Giya anati aitenganso koma pa mtengo wotsika, poti anali atalipira kale anthu oichotsa, ndipo galimoto agula ngati zitsulo chabe. Zonse pamodzi sizinafike ndi theka la tikiti. Sindinanenerere. Ndinabwerera kukamatula chitenje changa pawindo, kutenga bulangete ndi basiketi. Bambo anali atasamukira kutsogolo, atagwira chiwongolero ndi manja awiri, ndipo a Kamwendo anandiletsa kuwaitana.

Rita anatiperekeza pa lole yake mpaka pokwerera basi ku Windsor. Amereka tinangomuona kutsidya kwa mtsinje. M'basi a Kamwendo anakhala ndi bambo, ine ndekha kumbuyo kwawo, ndipo mpaka titawatsitsa ku Hamilton palibe amene anatchulanso za wodwala mwendo.

Novembala anatha. Tinayesa kubwereka, koma Amalawi nthawi imeneyo tinali ochepa, aliyense ali ndi ake omudikira kumudzi. Mayi wa kumpingo uja anabwera mu Disembala ali yekha, atatinyamulira nyemba ndi uthenga wakuti mwanayo anali atasokeredwa kale diresi la ulendo, ndipo ankakana kulivula. Ndinalira pamaso pa mlendoyo, osabisa.

Banja silinathe. Bambo anayamba kukwera sitima ya pansi pa nthaka ngati anzawo, za ku banki ndinatenga ine, tinayambiranso. Koma ndalama itakwana munthu wobwera naye panalibe, atapezeka, mapepala a ulendo a mwanayo anali atatha ntchito, ndipo Chifundo anafika patapita zaka zina ziwiri, ali mtsikana wamtali wa zaka zisanu ndi zinayi amene anakulira m'manja mwa mayi anga. Pa bwalo la ndege anatigwadira n'kutipatsa moni ndi manja awiri, maso pansi, monga anamuphunzitsira kuchitira alendo.

Chisanu choyamba chinamugwetsa ndi chimfine, ndipo ndinapempha tchuthi kuti ndimusamale. Masana ena ndili kukhitchini ndinamva akuitana kuchipinda, "Amayi! Amayi!" Ndinasiya madzi akutayika pampopi, ndinathamanga, ndinagwada pambali pa bedi n'kumugwira pamphumi. Thupi linali moto.

"Ndili pano, mwanawe. Ndabwera."

Anatsegula maso, nandiyang'ana bwinobwino, n'kutembenukira kukhoma.

"Sindikunena inu."